Dzino la Lumumba ndi Makabati Otseka a Akazitape

Pa 20 Juni, 2022, mu mzinda wa Brussels, akuluakulu a boma la Belgium anapereka kabokosi kakang'ono kwa ana a malemu Patrice Lumumba. M'kabokosimo munali dzino limodzi lokutidwa ndi golide. Dzino limeneli ndilo lokhalo limene linatsala pa thupi la munthu amene anali nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, pakuti amene anamupha mu Januwale 1961 anaduladula mtembo wake nausungunula mu asidi, kuti pasapezeke manda amene anthu ake angamakalirepo. Wapolisi wina wa ku Belgium, Gerard Soete, amene anagwira nawo ntchito yonyansayo, anatenga dzinolo kupita nalo kwawo ngati chikumbutso, ndipo patapita zaka pafupifupi 40 anaulula yekha poyera. Dzinolo analiika m'bokosi la maliro, naliyendetsa m'zigawo zingapo za Congo, ndipo mwambo woliika m'manda unachitika ku Kinshasa pa 30 Juni, 2022. Ana amene anali aang'ono pamene bambo awo ankaphedwa analira malirowo ali ndi imvi, patatha zaka 61.

Mwina ena mwa awerengi athu, makamaka inu amene mwangotsiriza kumene sukulu, mungafunse kuti nkhani ya dzino ikutikhudza bwanji. Tayambira pamenepa chifukwa tikufuna kukamba za mabungwe a akazitape a boma, ndipo palibe nkhani ina mu Africa muno imene ikuonetsa bwino mphamvu za mabungwewa, ndiponso kutalika kwa nthawi imene choonadi chimatenga kuti chituluke m'makabati awo. Maganizo athu sitikuwabisa. Palibe dziko limene lingakhale popanda akazitape. Koma chinsinsi cha boma chiyenera kukhala ndi wochiyang'anira, ndiponso chiyenera kukhala ndi tsiku lake lothera. Pali makabati ena amene tsiku lawo linakwana kalekale, ndipo ena mwa iwo akusunga nkhani imene inachitikira pakhomo pathu pompano, ku Ndola.

Ukazitape sunayambe dzulo. Owerenga Baibulo akudziwa kuti Mose anatuma amuna khumi ndi awiri kukazonda dziko la Kanani, ndipo mfumu yanzeru ya makedzana sinkatumiza ankhondo ake isanatumize azondi kukaona pamene linga la adani linali lofooka. Chachilendo m'nthawi yathu ino ndi kukula kwake, ndi kuti ntchitoyi tsopano ili m'manja mwa mabungwe okhazikika, okhala ndi maofesi, malipiro ndi ndalama zochokera ku misonkho ya anthu. Dziko la Britain linakhazikitsa bungwe lake mu 1909, limene pambuyo pake linagawika pawiri: MI5 yoyang'ana za m'kati mwa dziko, ndi MI6 yozonda kunja. Ku America, Pulezidenti Harry Truman anasaina lamulo lokhazikitsa CIA mu 1947, anthu a kumeneko akukumbukirabe mmene Japan inawadzidzimutsira ku Pearl Harbor mu 1941. Dziko la Soviet Union linali ndi KGB kuyambira 1954 mpaka 1991.

Mafilimu atizoloweretsa kuganiza kuti kazitape ndi munthu wa mfuti m'thumba ndi galimoto yothamanga. Zoona zake n'zakuti ambiri a iwo amakalambira pa desiki, akuwerenga. Nkhani zimawapeza m'njira zingapo. Yakale kwambiri ndiyo ya anthu: bungwe limatumiza munthu wake ku ofesi ya kazembe ngati kalaliki wamba, ndipo iye amapalana ubwenzi ndi mlembi wa mu unduna, msilikali amene wamira m'ngongole, kapena wandale amene wamanidwa udindo, mpaka mnzakeyo ayambe kumupatsa zikalata posinthana ndi ndalama. Njira ina ndiyo kumvetsera malamya ndi mauthenga a pa wailesi, ndi kumasula mauthenga olembedwa mobisa. Mu 2020 zinaululika kuti kampani ya ku Switzerland yotchedwa Crypto AG, imene inagulitsa makina obisira mauthenga ku maiko oposa 120, eni ake enieni kuyambira 1970 anali CIA ndi bungwe la akazitape la West Germany. Maboma ambirimbiri analipira ndalama zawo kugula loko amene kiyi wake anali m'thumba la wina. Palinso zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba. Zonsezi amazisonkhanitsa, nazipeta monga apetera mphale, ndipo zotsala pa lichero amazilemba mwachidule kuti mtsogoleri wa dziko awerenge m'mawa.

Ntchito imeneyi ikagwiridwa bwino imapulumutsa miyoyo, ndipo amene amanyoza akazitape onse ayenera kukumbukira mwezi wa Okutobala 1962. Pa 14 mwezi umenewo, ndege ya America yozondera yotchedwa U-2 inajambula malo amene Soviet Union inali kumangapo mizinga ya nyukiliya pa chilumba cha Cuba. Akatswiri anatha kuzindikira mtundu wa mizingayo ndi kuyerekeza masiku amene anatsala kuti ikhale yokonzeka kuombera, chifukwa msilikali wina wamkulu wa Soviet Union, Oleg Penkovsky, anali atawapatsa kale mwamseri mabuku ofotokoza za mizingayo. Motero Pulezidenti John Kennedy anadziwa kuti anali ndi masiku angapo oganiza, ndipo sanamvere amene ankamuumiriza kuti aphulitse Cuba nthawi yomweyo. Pa 28 Okutobala, Nikita Khrushchev analengeza kuti achotsa mizingayo. Penkovsky anagwidwa ndipo anaphedwa mu 1963. Chakudza sichiimba ng'oma, anatero akuluakulu, ndipo dziko limene lilibe maso limadziwa za ngozi itafika kale pakhonde.

Koma maso angathenso kuona zimene kulibe, ndipo apa sitifunika kupita kutali. Kumayambiriro kwa 1959, apolisi a Special Branch a boma la atsamunda la Nyasaland analandira nkhani kuchokera kwa akazitape awo yakuti atsogoleri a Nyasaland African Congress, pa msonkhano umene unachitikira patchire pafupi ndi Blantyre pa 25 Januwale, anapangana zopha Bwanamkubwa ndi Azungu ambiri. Pa 3 Malichi, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya ngozi. Dr Banda ndi anthu ena oposa 1,000 anatsekeredwa, ndipo Aafirika pafupifupi 50 anaphedwa, ambiri a iwo ku Nkhata Bay. Komiti yofufuza imene anaitsogolera woweruza wa ku Britain, Patrick Devlin, inapeza kuti pa msonkhanowo zachiwawa zinakambidwadi, koma panalibe chikonzero chokhazikika chopha anthu monga boma linkanenera. Vuto la kazitape wolipidwa ndi lakuti akabwera chimanjamanja mawa sadya, choncho amathira mchere nkhani yake kuti ikomere womulipirayo. Matenda omwewa anagwira maiko akuluakulu mu 2003, pamene America ndi Britain anathira nkhondo Iraq ponena kuti dzikolo linali ndi zida zoopsa zophera anthu ambirimbiri, zida zimene sizinapezeke.

Komabe choopsa kopambana chimadza pamene diso lasanduka dzanja, ndiko kuti pamene bungwe limene ntchito yake ndi kuona ndi kunena layamba kuchita lokha zinthu mumdima: kugula aphungu, kulipira ochita zipolowe, kugwetsa maboma ndi kupha. Tibwerere tsopano ku Congo.

Dziko la Congo linalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Belgium pa 30 Juni, 1960, Joseph Kasavubu ali pulezidenti ndipo Lumumba ali nduna yaikulu. Sabata isanathe asilikali anaukira akuluakulu awo a Chizungu, Belgium inatumiza ankhondo ake, ndipo pa 11 Julayi, Moise Tshombe analengeza kuti chigawo cha Katanga chadzipatula. Katanga ndiye anali nkhokwe ya dzikolo. Kumeneko kunali migodi ya kopa ya kampani ya Union Minière, ndiponso mgodi wa Shinkolobwe, kumene kunachokera miyala ya uranium imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba a atomiki a mu 1945. Lumumba anapempha thandizo ku bungwe la United Nations. Asilikali a bungwelo anafikadi, koma anakana kumenya nkhondo yobweza Katanga. Atakhumudwa, Lumumba anatembenukira ku Soviet Union, imene inamutumizira ndege ndi malole. Masiku amenewo America ndi Soviet Union ankalimbirana dziko lonse lapansi, ndipo ku Washington anaona ngati pakati pa Africa pabadwa Cuba wina.

Pa 26 Ogasiti, 1960, mkulu wa CIA, Allen Dulles, anatumiza uthenga kwa Larry Devlin, amene ankayendetsa ofesi ya bungwelo ku Leopoldville, mzinda umene lero ndi Kinshasa. Ophunzira asasokoneze Devlin ameneyu ndi woweruza uja wa 1959. Ndi anthu awiri osiyana. Uthengawo unali wakuti kuchotsa Lumumba ndi ntchito yofulumira ndi yofunika kuposa zonse. Pa 5 Sepitembala Kasavubu anachotsa Lumumba pa udindo, ndipo pa 14 Sepitembala mkulu wa asilikali, Joseph Mobutu, analanda boma. Zikalata zimene boma la America linatulutsa mu 2013 zikuonetsa kuti ndalama za CIA zinkapita kwa Mobutu ndi kwa andale ena otsutsana ndi Lumumba. Kumapeto kwa mwezi womwewo wa Sepitembala, katswiri wa mankhwala wa CIA, Sidney Gottlieb, anafika ku Leopoldville atanyamula poizoni woti aikidwe m'chakudya cha Lumumba kapena m'mankhwala ake otsukira mano. Poizoniyo sanagwiritsidwe ntchito. Devlin ananena pambuyo pake kuti anamutaya mu mtsinje wa Congo.

Awerengi aime pang'ono apa ndi kulingalira. Munthu amene anasankhidwa ndi anthu a dziko lake anali atangolamulira miyezi iwiri yokha pamene anthu a ku tsidya lina la nyanja, amene ambiri a iwo anali asanapondepo pa nthaka ya Congo, anagamula kuti sayenera kukhalanso ndi moyo. Panalibe bwalo la milandu, panalibe mboni, panalibe phungu wa Nyumba ya Malamulo ya America amene anafunsidwa. Lumumba sanali mngelo: anali wopsa mtima msanga, ndipo asilikali amene anawatumiza ku South Kasai anapha anthu wamba ambiri. Koma amene anayenera kumuweruza pa zimenezi anali anthu a ku Congo.

Lumumba anathawa m'nyumba imene ankamusungira kumapeto kwa Novembala, nalunjika ku Stanleyville kumene kunali omutsatira ake, koma asilikali a Mobutu anamugwira pa 1 Disembala pafupi ndi mtsinje wa Sankuru ndipo anakamutsekera ku Thysville. Pa 17 Januwale, 1961, anamukweza ndege pamodzi ndi anzake awiri, Maurice Mpolo ndi Joseph Okito, kupita nawo ku Elisabethville, kumene lero ndi Lubumbashi, m'manja mwa adani ake a ku Katanga. Anawamenya njira yonse, ndipo usiku womwewo anawaombera patchire, Tshombe ndi nduna zake alipo, amene ankalamula oomberawo ali asilikali ndi apolisi a ku Belgium. Lumumba anali ndi zaka 35. Boma la Katanga linadikira mpaka pa 13 Febuluwale, ndipo linalengeza bodza lakuti akaidiwo anathawa naphedwa ndi anthu a m'mudzi wina.

Mlandu suola, koma uwu unakhalitsa ndithu. Panapita zaka 14 kuti anthu a ku America adziwe zimene zinkachitika m'dzina lawo. Mu 1975 nyumba ya Senate inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi phungu Frank Church, ndipo komitiyo inaitana akuluakulu a CIA nkuwalumbiritsa. Lipoti lake la Novembala 1975 linatsimikiza kuti bungwelo linakonzadi chiwembu chopha Lumumba, ndi kuti panali chifukwa chomveka choganizira kuti chilolezo chinachokera kwa Pulezidenti Dwight Eisenhower mwini, ngakhale umboni wake sunali wokwanira kutsimikiza. Linanenanso kuti silinapeze umboni wakuti CIA inatenga mbali pa kupha kwenikweni kwa ku Katanga kuja. Komiti yomweyo inapeza ziwembu zosachepera zisanu ndi zitatu zofuna kupha Fidel Castro wa ku Cuba. Ku Belgium kunatenga zaka 40. Buku la Ludo De Witte la 1999 litautsa mapiri pachigwa, Nyumba ya Malamulo inafufuza, ndipo mu 2001 inanena kuti nduna zina za boma la nthawiyo zinali ndi mlandu pa chikumbumtima chifukwa cha zimene zinatsogolera ku imfayo. Mu Febuluwale 2002, nduna ya zakunja, Louis Michel, inapepesa.

Ena amati popeza poizoni uja anathera mu mtsinje, ndiye kuti CIA ili ndi manja oyera. Ife sitikuvomereza. Amene wakumba mbuna, nauza alenje ena kumene nyama imadutsa, nawagulira mikondo, sangakane nyamayo ponena kuti mkondo womaliza sanaponye ndi iye. Ndipo chimene chinatsatira n'chodziwika: Mobutu analanda boma kachiwiri mu 1965, nalamulira mpaka 1997, akudyerera chuma cha dziko pamene misewu, zipatala ndi sukulu zinali kugwa, maiko a Azungu akumuthandiza chifukwa anali munthu wawo. Amene analemba mauthenga aja mu 1960 anapuma ntchito mwaulemu nalandira penshoni. Amene analipira ngongoleyo ndi anthu wamba a ku Congo.

Kufufuza kwa Church kunabala zipatso zina. Mu Febuluwale 1976, Pulezidenti Gerald Ford analamula kuti wantchito aliyense wa boma la America asatenge mbali pa kupha anthu pa zifukwa za ndale, ndipo mu 1976 ndi 1977 nyumba ziwiri za malamulo zinakhazikitsa makomiti okhalitsa oyang'anira akazitape. Ku Britain zinachedwa: mpaka 1994 ndi pamene MI6 inaikidwa pansi pa lamulo lolembedwa, ndipo kwa zaka zambiri izi zisanachitike boma silinkavomera n'komwe kuti bungwelo lilipo. Makomiti ameneŵa sanathetse zoipa zonse, monga nkhani ya Iraq yatisonyezera, koma munthu amene akudziwa kuti tsiku lina adzalumbiritsidwa ndi kufunsidwa amaganiza kawiri asanasaine.

Tisaganize kuti machitidwe otere ndi a maiko akuluakulu okha. Mozambique italandira ufulu mu 1975 nilola omenyera ufulu wa Zimbabwe kukhala m'dziko mwake, bungwe la akazitape la boma la Ian Smith ku Rhodesia, lotchedwa Central Intelligence Organisation, limene mkulu wake anali Ken Flower, linasonkhanitsa anthu odana ndi Frelimo, nkuwaphunzitsa ndi kuwapatsa zida. Uku ndiko kubadwa kwa gulu la Renamo, ndipo Flower mwini anavomera zimenezi m'buku lake la 1987. Mu 1980 Rhodesia itatha, gululo linaperekedwa m'manja mwa akazitape a asilikali a South Africa. Nkhondoyo inadzakhala ndi zifukwa zakezake za m'kati mwa Mozambique, koma amene anayatsa moto poyamba ndi akazitape, ndipo unayaka mpaka pa mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala, 1992. Malawi inalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Achikulire a ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza akukumbukira misasa ija, ndipo amalonda akukumbukira mmene katundu anakwerera mtengo njanji za ku Beira ndi Nacala zitadulidwa. Mu 1986 atsogoleri a maiko oyandikana nafe anafika poloza chala boma la Malawi la nthawiyo kuti linkathandiza Renamo, ndipo nkhani imeneyonso ili ndi zikalata zake zimene olemba mbiri angakonde kuziwerenga. Flower yekha anapitiriza ntchito yake pansi pa Robert Mugabe mpaka 1981. Maboma amasintha, koma makabati ndi osunga makiyi ake kawirikawiri amatsala pomwepo.

Tsopano tifike ku Ndola. Patangopita miyezi isanu ndi itatu Lumumba ataphedwa, asilikali a United Nations anali kumenyana ndi ankhondo a Katanga, ndipo mlembi wamkulu wa bungwelo, Dag Hammarskjöld wa ku Sweden, ananyamuka ku Leopoldville kukakumana ndi Tshombe kuti akambirane zosiya nkhondo. Malo okumanirana anali Ndola, ku Northern Rhodesia, dziko limene panthawiyo linali m'chitaganya chimodzi ndi Nyasaland pansi pa Sir Roy Welensky, munthu amene sankabisa kuti ali ku mbali ya Tshombe. Usiku wa pa 17 kucha pa 18 Sepitembala, 1961, ndege yake ya mtundu wa DC-6, yotchedwa Albertina, inadutsa pamwamba pa bwalo la ndege la Ndola, nikhota kuti itere, ndipo inagwa m'nkhalango makilomita owerengeka kuchokera pabwalopo. Munali anthu 16. Akuluakulu a boma anafika pamalo a ngoziyo masana a tsiku lotsatira, patapita maola pafupifupi 15, ndipo anapeza munthu mmodzi yekha wamoyo, mlonda wa ku America dzina lake Harold Julien. Iyenso anamwalira patapita masiku ochepa.

Komiti ya boma la chitaganya inagamula mu 1962 kuti woyendetsa ndege ndiye analakwitsa. Komiti ya United Nations ya chaka chomwecho inati siingathe kunena chimene chinachitika, ndiponso siingakane kuti ndegeyo inachitidwa chiwembu. Koma panali anthu amene anaona. Owotcha makala amene anali m'nkhalangomo usiku umenewo, ndi anthu ena a ku Twapia monga Timothy Kankasa, amene pambuyo pake anadzakhala nduna m'boma la Zambia, ananena kuti anaona ndege ina yaing'ono pafupi ndi yaikuluyo, ndipo ena anaona moto m'mwamba ndegeyo isanagwe. Ofufuza a chitaganya anakankhira pambali umboni wawo, ponena kuti ndi anthu osadalirika kapena odana ndi boma. Aliyense wodziwa mmene mawu a munthu wakuda ankalemerera pa bwalo la atsamunda mu 1962 sangadabwe.

Nkhaniyi inadzukanso ndi buku la Susan Williams la 2011. Mu 2015 bungwe la United Nations linasankha Bambo Mohamed Chande Othman, amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu ku Tanzania, kuti atsogolere kafukufuku watsopano. M'lipoti lawo la 2017 iwo ananena kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa kuchokera kunja. Pakati pa umboni umene anauona pali wa Charles Southall, msilikali wa pamadzi wa America amene mu 1961 ankagwira ntchito pa malo omvetsera mauthenga pa chilumba cha Cyprus. Iye ananena kuti usiku umenewo anamva mawu a woyendetsa ndege wina akufotokoza kuti akuombera ndege yaikulu. Ngati mawuwo anajambulidwadi, ndiye kuti analembedwa penapake. M'malipoti awo otsatira, mpaka la 2024, Bambo Othman anabwerezabwereza kuti zikalata zofunika zikuoneka kuti zili m'manja mwa maiko ena, makamaka America, Britain ndi South Africa, ndi kuti maikowa sanaulule zonse zimene ali nazo.

Ife sitikunena kuti ndege ya Hammarskjöld inaomberedwa. Mwina woyendetsa anali wotopa nalakwitsa poyeza kutalika kwake kuchokera pansi, pakuti ngozi zotere zimachitika. Chimene tikunena n'chakuti amene angathe kuthetsa mkanganowu ndi amene akusunga makiyi, ndipo chifukwa chawo chokanira n'chofooka. Akazitape amati akatsegula makabati, anthu amene ankawapatsa nkhani adzaphedwa, ndipo njira zawo zogwirira ntchito zidzadziwika kwa adani. Pa nkhani ya chaka chatha mawu amenewa ndi omveka, ndipo nkhani ya Penkovsky ikusonyeza mtengo umene munthu wopereka zinsinsi amalipira akadziwika. Koma pa nkhani ya 1961? Soviet Union inatha, Katanga wodzipatula anatha, chitaganya chinatha mu 1963, ndipo makina omvetsera a masiku amenewo ali m'nyumba zosungira zinthu zakale. Chimene chatsala kutetezedwa ndi manyazi a maboma, ndipo manyazi si chitetezo cha dziko.

Tisamakhulupirirenso msanga boma likanena kuti lafufuza ndipo silinapeze kanthu. Kwa zaka zambiri boma la Britain linkati lilibe zikalata zina za nthawi ya atsamunda. Mu 2011, okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau atalisumira ku London, linavomera kuti ku Hanslope Park linkasunga mafailo pafupifupi 8,800 ochokera ku maiko 37 amene linkawalamulira, Nyasaland ndi Northern Rhodesia ali m'gulu lomwelo. Zikalata zina zinali zitatenthedwa atsamunda asananyamuke. Ndipo kutsegula makabati sikugwetsa dziko. Germany itagwirizananso, inalola kuyambira 1992 kuti munthu aliyense awerenge failo imene apolisi achinsinsi a East Germany, otchedwa Stasi, anamulembera. Ena anapeza kuti amene ankawaneneza anali mnansi, mnzawo wa kuntchito, ngakhale mwamuna wawo weniweni. Zinawawa, mabanja ena anatha, koma dzikolo silinagwe.

Pempho lathu likupita kwa akazembe a maiko a kuno kwathu ku United Nations, makamaka a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, amene maiko awo anali m'chitaganya pamene ngoziyo inkachitika, kuti asatope kukumbutsa maiko atatu aja za zikalatazo. South Africa ya lero, imene inadzitsegulira yokha mabala ake pamaso pa komiti ya Archbishop Desmond Tutu, ili ndi chifukwa chochepa kuposa onse chotetezera zinsinsi za boma la tsankho. Kwa aphunzitsi a mbiri yakale tikuti, pophunzitsa za chitaganya ndi za Congo, auzeni ana kuti mutu wa Ndola sunatsekedwe, ndipo aonetseni mmene komiti ya 1962 inasankhira mboni zoti izikhulupirira ndi zoti izitaye. Owotcha makala aja analankhula zimene anaona, ndipo anadikira zaka zoposa 50 kuti woweruza wina awerenge umboni wawo mwaulemu. Amene anali mnyamata wa zaka 20 m'nkhalango ya Ndola usiku umenewo, ngati akali moyo, lero wapitirira zaka 80.